Munthu waulumali akatsekeredwa kundende, abale ayambire pati?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu woyenda pa njinga ya olumala akakhala pa rimandi kuno ku Zomba, njingayo amaloledwa kukhala nayo? Nanga mankhwala ake? Malamulo amati chiyani?

Mayi a ku Matawale: Bambo, yambirani kubwalo la milandu, osati pachipata cha ndende. Popempha belo, loya kapena mwini wakeyo afotokoze za ulumaliwo ndipo aonetse buku lake lakuchipatala, kuti zilembedwe mufayilo. Zongonena pakamwa zimasowa munthu akasamutsidwa. Ngati loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa ndalama, kapena funsani a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende.

Gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa asungidwe mwaulemu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo chamankhwala, boma ndilo lilipire. Malamulo a Nelson Mandela a 2015, amene ndi mfundo za bungwe la United Nations zokhudza kasungidwe ka akaidi, amaonjeza kuti ndende isinthe zimene zingatheke kuti waulumali akhale mofanana ndi anzake. Njinga ndi miyendo yake. Lemberani kalata mkulu woyang'anira ndendeyo, ina yofanana nayo musunge.

Mmisiri wa ku Sadzi: Mayi anena zoona, koma njinga yokha sikwanira. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, nthawi imene omanga sankaganiza za njinga. Sitepe ya masentimita 15 imafuna njira yotsetsereka yotalika mita 1.8, mukaifupikitsa, njinga imagudubukira chagada. Khomo likhale la masentimita 90. Povuta kwenikweni ndi kuchimbudzi chonjuta. Mpando wamatabwa woboola pakati ndi chitsulo chogwirira pakhoma zimathetsa vutolo, ndipo akaidi ophunzira ukalipentala angathe kuukhoma.

Namwino wa ku Mpondabwino: Chimene ndikuopa ine ndi zilonda. Munthu wofa ziwalo za m'munsi samva kuwawa, ndiye akagona pasimenti malo amodzi, khungu la m'matako ndi m'chiuno limayamba kufa. Ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse, zimene sizitheka m'chipinda chothinana. Pemphani matiresi ndi malo a m'mbali, ndipo dokotala wa kundendeko amuone tsiku lomwe walowa. Mankhwala, makamaka a khunyu, muwapereke kwa achipatalawo ali m'paketi yake yolembedwa dzina. Asadumphe tsiku.

Mayi a ku Matawale: Kalata ija ikapanda kuyankhidwa, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission kapena ku bungwe loyendera ndende la Inspectorate of Prisons, mutatenga ija munasunga.