Ndichonge bwanji kafukufuku wa ana a Fomu 1 pa mbiri ya Egypt ndi Mesopotamia?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo amene muli pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Histole pa CDSS ina kuno ku Dedza. Teremu ino ndinafuna kuti ana a Fomu 1 asamangoloweza notsi, ndiye ndinapatsa aliyense mutu woti akafufuze yekha n'kulemba masamba awiri. Mitu inali itatu: chifukwa chimene anthu akale a ku Egypt anakhazikikira m'mbali mwa mtsinje wa Nile, malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babylon, ndi m'mene kulemba kunayambira ku Mesopotamia. Mapepala onse abwera, koma ndikulephera kuika malikisi.

Ena alemba Chingerezi chosalala kuposa cha m'buku lomwe timagwiritsa ntchito. Awa ndi ana amene kwawo kuli foni ya intaneti. Mnyamata wina walemba kuti piramidi yaikulu ya ku Giza inamangidwa cha m'ma 2560 BC (kutanthauza Yesu asanabadwe), m'nthawi ya Farao Khufu. Ndi zoona ndithu. Koma nditamufunsa kuti pakati pa 2560 BC ndi 1750 BC chaka chakale kwambiri n'chiti, anandiyankha kuti 1750, poti nambala yake ndi yaing'ono. Enanso atatu andibweretsera ndime zofanana mawu ndi mawu pa nkhani ya cuneiform, zilembo zakale za ku Mesopotamia zodinda padongo.

Ndiye pali mtsikana wina wochokera kumudzi kutali ndi sukulu, yemwe analibe china koma buku limodzi lobwerekana ndi anzake. Chingerezi chake n'chothyokathyoka, masipelo ndiye osanena. Koma walemba kuti Nile ankasefukira chaka ndi chaka n'kusiya dothi lachonde, n'kufanizira ndi dimba la agogo ake m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, komwe amadzala madzi akaphwera. Kenako wadzifunsa yekha: madzi akafafaniza malire a minda, ankaweruza ndani kuti munda wa uje ukulekeza pati? Yankho lake n'lakuti pamenepo ndi pomwe panafunikira mafumu amphamvu ndi alembi odziwa kuyeza malo. Zimenezi sindinaziphunzitse m'kalasi.

Ndikatsata chilankhulo ndi kuchuluka kwa mfundo, mnyamata uja atenga 18 pa 20, mtsikanayo 9. Mtima wanga ukukana zimenezo. Komanso mayeso a MANEB amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ndikuopa kuti ndikamukweza mtsikanayu ndimunamiza kuti zonse zili bwino. Inu mumatani?

Mphunzitsi wa Histole, Ntcheu:
Madamu, gawani malikisiwo musanayang'ane dzina la mwana. Ine ndimaika 8 pa kufotokoza chifukwa chimene zinthu zinachitikira, 4 pa kulondola kwa zaka ndi mayina, 3 pa Chingerezi, ndipo 5 otsalawo mwana amawatenga ndi pakamwa pake, ataima kutsogolo kwanga osagwira pepala. Pamenepo ndiye pamaonekera mwini ntchito. Tengani mutu wanu wa Hammurabi. Wokopera akulemberani kuti malamulo analipo 282, kuti anazokotedwa pamwala umene unapezeka ku Susa m'dziko la Iran mu 1901, ndipo lero uli ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Paris. Zonsezo zili pa foni. Inu mufunseni kuti: munthu akaboola diso la mfulu yolemekezeka, nayenso ankamuboola diso, koma akaboola la munthu wamba ankangolipira siliva, ndipo likakhala la kapolo ankalipira theka la mtengo wa kapoloyo. Zimenezi zikutiuza chiyani za anthu a ku Babylon? Amene anawerenga n'kumva anena kuti anthu sanali ofanana pamaso pa lamulo. Wokopera angokhala chete. Mtsikana wanuyo pa magawidwe awa afika 14 kapena 15, ndipo adzakhala malikisi ake enieni, osati omumvera chisoni.

Kholo, Dedza boma:
Pepani aphunzitsi, ine ndiyankhulako ngati kholo. Mwana wanga ndimamubwereka foni yanga, bandulo ndimagula ndekha ndi ndalama ya ndiwo. Mwamuuza kuti akafufuze, mabuku kusukulu kulibe, ndiye akafufuze kuti? Akapeza zoona n'kuzilemba walakwa chiyani? Musawalange ana chifukwa choti makolo awo ayesetsa.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Bembeke:
Bambo, foni siyolakwika ayi, ndipo mwachita bwino kumuthandiza mwana. Chimene aphunzitsi akudandaula n'chakuti mwana wasamutsa mawu kuchoka pa foni kupita papepala osadutsa m'mutu mwake, ndiye tsiku la mayeso foni ikhala kunja iye alowe yekha. Madamu, chomwe chimandithandiza ine n'chakuti kufufuza achitire kunyumba, abwere ndi mfundo zolembedwa mwachidule pa tsamba limodzi ndi kutchula komwe azitenga, kaya ndi buku, intaneti kapena munthu wamkulu. Nkhani yeniyeniyo alembere m'kalasi inu mukuona. Koma pa mtsikanayo ndisiyane pang'ono ndi a ku Ntcheu: malikisi 3 okha pa Chingerezi achepa. Mwana wanzeru chotere akapanda kukonzedwa chilankhulo pano, adzagwa ku MSCE ali ndi mfundo m'mutu. Mulembereni ziganizo zake ziwiri kapena zitatu m'Chingerezi cholondola m'munsi mwa pepala, akalembenso ndime yonse potengera pamenepo.

Wophunzira za uphunzitsi, kwathu ku Mtakataka:
Madamu, silabasi sindikuyitsutsa, Egypt aphunzire ndithu. Koma ntchito yoyamba yofufuza bwanji osayambira pakhomo? Muli ku Dedza, komwe kuli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mphunzi, Namzeze ndi Chencherere munthu amafikako. Zojambula zofiira zija, za mizere ndi zozungulira, akatswiri amati ndi za Akafula, pomwe zoyera ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina za Gule Wamkulu. Kwathu kuno kuli Mankhamba, likulu la a Kalonga a Maravi, komwe a Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zinthu zakale, anafukula mikanda ya galasi, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Mwana amene waona ndi maso ake chojambula chofiira n'kumva agogo ake akufotokoza za Akafula amayamba kudziwa kusiyanitsa umboni wa pamwala ndi wa pakamwa. Akadzafika pa matabwa adongo a ku Mesopotamia, omwe anayamba kulembedwa cha m'ma 3200 BC makamaka powerengera mbewu ndi ziweto, sadzaona zachilendo. Pa ntchito yotere wa foni ndi wopanda foni amayambira pamodzi. Kungoti za dambwe ndi za kutsimba musawatume ana kukafunsa, ndipo musanapite ku phanga lililonse dzerani kaye kwa a mfumu.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Bambo a ku boma, dandaulo lanu ndalimva, palibe mwana amene ndimulange chifukwa chogwiritsa ntchito foni. Magawidwe a malikisi nditenga a aphunzitsi a ku Ntcheu, koma Chingerezi ndichikweza chifike 4, kufotokoza ndi pakamwa kukhale 4. Za BC zija ndijambula mzere wautali pabolodi, aliyense adzaike chaka cha mutu wake pamalo pake asanayambe kulankhula. Za Chongoni ndikambirana ndi a hedi teremu ya mawa, vuto likhala la mayendedwe. Chatsala ndi ana atatu a ndime zofanana aja. Ndiwapatse ziro onse, kapena ndifufuze amene anayamba kulemba? Komanso kalasi yanga ndi yodzaza kwambiri, kufunsa mmodzimmodzi kundidyera mapiriyodi ambiri.

Mphunzitsi wa Histole, Ntcheu:
Ziro ayi madamu, ndi a Fomu 1, ena sanauzidwepo kuti kukopera ndime ndi mlandu. Kufufuza amene anayamba kungowadanitsa, mwinanso onse anakopera pa foni imodzi. Aitaneni padera, aliyense alembenso mutu womwewo m'kalasi popanda pepala loyamba lija, malikisi atengere pa chachiwiricho, ndipo muwauze kuti ulendo wina kudzakhala ziro. Za nthawi, musafunse onse tsiku limodzi. Tengani ana asanu kumapeto kwa piriyodi iliyonse, funso limodzi aliyense, ena onse akumvetsera. Yambani ndi amene mapepala awo akukukayikitsani, ndipo mtsikana wa dimba uja mumuike m'gulu loyamba lomwelo kuti anzake amve m'mene anaganizira.