Funso: Kodi fyuluta ya wailesi ndiziipanikiza mpaka pati?

Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndangotha miyezi yowerengeka chipezereni laisensi ya wailesi ya amateur (yolankhulirana ndi anthu ena pa mafunde), ndipo ndikupempha nzeru pa kasankhidwe ka fyuluta yolandirira (sefa yotsekereza mafunde osafunika) pa wailesi yanga ya HF (shortwave). Pa SSB (njira yolankhulirana ndi mawu) ndinapezamo 3.0 kHz, 2.4 kHz ndi 1.8 kHz, pamene pa CW (mauthenga a Morse) muli 1.2 kHz, 500 Hz ndi 250 Hz.

Ndinaphunzira kuti phokoso lolowa m'wailesi limachuluka molingana ndi kutambalala kwa fyuluta, moti kuchoka pa 2.4 kHz kufika pa 500 Hz kumalichepetsa ndi ma dB (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu) pafupifupi 7, choncho ndinkayesa kuti mankhwala a zonse ndi kupanikiza basi. Koma madzulo ena pa bandi ya 40 m, ndikumvetsera siteshoni yofooka pa LSB (mtundu wa SSB), ina yamphamvu inayamba kulankhula pambali pake penipeni. Nditasankha 1.8 kHz phokoso linachepadi, koma munthu amene ndimamufunayo anamveka ngati akulankhulira m'chitini, ndipo mawu ake ankatsika nthawi iliyonse imene winayo wayamba kulankhula, ngakhale kuti wamphamvuyo sindinkamumvanso kwenikweni. Pa CW nakonso, ndikaika 250 Hz, phokoso limalira ngati belu ndipo makutu amatopa msanga. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho loyamba:

Achimwene, mwafunsa bwino. Mawu a munthu pa SSB amafuna malo kuyambira cha pa 300 Hz mpaka cha pa 2700 Hz, ndipo kumtundako n'kumene kuli timaliwu tonga "s" ndi "f" timene timathandiza khutu kusiyanitsa mawu. Mukapanikiza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mumataya zimene mukufuna pamodzi ndi zimene simukufuna. Muziyamba ndi 2.4 kHz, kenako mvetserani kumene wosokonezayo akuchokera. Ngati akumveka kanthetemya, gwiritsani ntchito PBT kapena IF shift (mabatani osunthira malire a fyuluta) kudula kumtunda kokha. Ngati akumveka manzenene, dulani kumunsi. Mluzu wa carrier (siginolo yopanda mawu) umafuna notch (fyuluta yochotsa kaliwu kamodzi kokha), osati fyuluta yopapatiza.

Kutsika kwa mawu kuja ndi ntchito ya AGC, imene imachepetsa mphamvu ya wailesi yonse ikamva siginolo yaikulu imene yalowa. Zimitsani preamp (chokuzira siginolo yolowa), imene pa 40 m nthawi zambiri siifunika n'komwe, ndipo yatsani attenuator (chochepetsera siginolo yolowa) kapena bwezani RF gain (batani la mphamvu yolandirira) pang'ono. Ambiri amachita mantha kuti siteshoni yofookayo isowa, koma pa bandi imeneyi phokoso lochokera ku eriyo limaposa kutali phokoso la m'kati mwa wailesi, motero simutaya kanthu.

Yankho lachiwiri:

Ndiwonjezereko za CW. Kulira ngati belu kumabwera fyuluta ikakhala yopapatiza komanso ya m'mbali mwakuthwa, choncho ngati wailesi yanu ili ndi sharp ndi soft, yesani soft. Pofunafuna masiteshoni khalani pa 500 Hz kapena kuposa apo, chifukwa pa 250 Hz munthu amene wakuyankhani atapatukako pang'ono simungamumve, ndipo mudzayesa kuti palibe wayankha. Kuchoka pa 500 Hz kufika pa 250 Hz mumapindula ma dB 3 okha. Mukadzayamba FT8 (njira yotumizirana mauthenga kudzera pa kompyuta), monga pa 7.074 MHz, mudzatsegule fyuluta mpaka 3 kHz, popeza siginolo iliyonse ndi ya 50 Hz yokha ndipo pulogalamu ya WSJT-X imasefa yokha onse amene ali m'menemo.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndayang'ana tsopano lino ndipo ndapeza kuti preamp inali yoyatsa nthawi yonseyi. Chatsala n'chimodzi: pa siteshoni yofooka ya SSB, kodi AGC ndiziika pa slow kapena pa fast pamene wamphamvuyo akungolowa ndi kutuluka?