Ana akupeza 0 pa funso la area, ndichonge bwanji?

Wofunsa: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Funso likuti apeze area ya pakati pa y = x² − 4x + 3 ndi x-axis, kuyambira x = 0 mpaka x = 3. Integration akuchita bwinobwino, akupeza x³/3 − 2x² + 3x. Akaika 3 zikutuluka 9 − 18 + 9 = 0, basi n'kulemba kuti area ndi 0. Ndiwapatse malikisi angati, nanga ndiwawongole motani?

Woyankha woyamba: Aphunzitsi, vuto lagona poti sanajambule gilafu. Samuyo ndi (x − 1)(x − 3), ndiye mzere ukudula x-axis pa 1 ndi pa 3. Kuyambira 0 mpaka 1 uli pamwamba, ndipo integral yake ndi 1/3 − 2 + 3 = 4/3. Kuyambira 1 mpaka 3 uli pansi, integral yake ndi 0 − 4/3 = −4/3. Mukaziwerengera pamodzi ziwirizi zimadyana, n'chifukwa chake akupeza 0. Azidule pa x = 1, chigawo chilichonse pachokha, achotse chizindikiro cha minus pa chapansicho, kenako aphatikize: 4/3 + 4/3 = 8/3.

Woyankha wachiwiri: Zoonadi, koma pochonga muyang'ane mawu a funsolo. Likanati "evaluate" integral yomweyo kuchokera 0 mpaka 3, yankho la 0 likanakhala lolondola ndithu. Poti lafunsa area, 0 ndi wolakwa. Ine ndingapereke malikisi a integration ndi a kuika ma limit, n'kumana a kudula pa 1 ndi a yankho lomaliza. Musawauze kuti "minus ingotayani". Mwana wouzidwa choncho akadzapeza −2 pa funso lina adzangolemba 2 osaona kuti m'katimo muli zigawo ziwiri zimene zadyana kale. Minus imachotsedwa pa chigawo chimene chonse chili pansi pa axis, mutadula kale.

Wofunsa: Zamveka, zikomo. Nanga pa substitution? Pa integral ya x(x² + 1)³ kuchokera 0 mpaka 2, ena akupeza 2, ena 78.

Woyankha woyamba: Wolondola ndi 78. Tengani u = x² + 1, du = 2x dx, ndiye x dx = du/2. Ma limit nawonso asinthe: x akakhala 0, u ndi 1, x akakhala 2, u ndi 5. Zikukhala u⁴/8 kuchokera 1 mpaka 5, kutanthauza (625 − 1)/8 = 78. Opeza 2 aja akuika 0 ndi 2 mu u⁴/8, pomwe manambalawo ndi a x.

Woyankha wachitatu: Chimene chimathandiza n'kuwakakamiza kulemba "u = 1" ndi "u = 5" pa chizindikiro cha integral, osati manambala okha. Amene zikumusokoneza abwerere ku x kaye, alembe (x² + 1)⁴/8, kenako aike 2 ndi 0, apezabe 78. Asanaike ma limit achite differentiation ya yankho lakelo: (x² + 1)⁴/8 ikupereka 4(x² + 1)³ · 2x/8, yomwe ndi x(x² + 1)³. Ngati anaiwala theka lija, apa ziwonekera pompo, chifukwa zituluka 2x(x² + 1)³.