Sensa ya shuga ikumatuka masiku 14 asanakwane

Mayi wa Atatu:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 ali ndi shuga ya mtundu woyamba, ndipo amavala kasensa koyeza shuga kumbuyo kwa mkono. Kamayenera kukhala masiku 14, koma tiwiri totsatizana tachoka msanga. Koyamba kanakodwa pa chitseko tsiku la 8, kachiwiri kanayamba kutukuka m'mphepete atabwera kosewera mpira ali thukuta lokhalokha. Analira kwambiri, zobayidwa zala poyeza shuga sazifunanso n'komwe. Inenso kasensako kakapanda kukhalapo tulo sindilipeza. Ndichite chiyani kuti kazigwira? Komanso ndamva kuti ena amakadzutsanso kuti kapitirize kuyeza masiku ake akatha, kodi ndiyese?

Wapanjinga:
Pepani kwambiri amayi. Ine ndavala masensa zaka 4, ndipo pa njinga thukuta limachita kuyenderera. Ndinataya masensa angapo ndisanadziwe kuti nkhani yagona pa khungu. Sambitsani malowo ndi sopo wamba wopanda mafuta, mupukute ndi thonje la spiriti, kenako mudikire paume gwaa. Apa ndi pomwe ambiri timapupuluma. Pakakhala ponyowa pang'ono chabe, guluu sagwira. Mafuta odzola asayandikire n'komwe.

Ine ndimaika usiku ndikamapita kogona, kuti guluu akhale maola ambiri asanakumane ndi madzi kapena thukuta. Ndikaika ndimasisita m'mphepete ndi chala kuzungulira kangapo. Masiku otentha ndimayamba ndapaka Skin Tac, guluu wamadzi wopaka pa khungu, koma ndimasiya kamalo pakati pomwe singano ilowere. Pamwamba mutha kumata tepi yapadera ya masensa, kungoti ngati kanu kali ndi kabowo pakati musakatseke, ndi kotulutsira chinyezi. Za chitsekozo, kasunthireni kumbuyo kwenikweni kwa mkono, osati m'mbali.

Namwino wa ana:
Achimwene afotokoza bwino za khungu. Za kudzutsanso, amayi, chonde musayese pa mwana. Kawaya kamene kamatsala pansi pa khungu kali ndi enzaimu imene imagwira ntchito yoyeza shuga, ndipo imafooka masiku akamapita. Thupinso limayamba kukazinga kawayako. N'chifukwa chake sensa ya FreeStyle Libre 2 opanga anaiikira masiku 14, ya Dexcom G6 masiku 10. Mukapitirira, manambala amaonekabe ngati abwinobwino koma atha kukhala olakwika, ndipo inu mukuyezera insulini pa manambala amenewo. Izi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa.

Kasensa kakatuluka musakabwezere, ikani katsopano mkono winawo. Sungani kakaleko ndi bokosi lake, chifukwa opanga nthawi zambiri amasinthira kochoka msanga mukawauza nambala yake. Mwana akamamva zosiyana ndi zomwe sensa ikunena, bayani chala ndithu ngakhale adandaule. Ndipo khungu likafiira kapena kuyabwa pansi pa zomatira, kamuonetseni kwa dokotala wake musanawonjezere guluu wina.

Mayi wa Atatu:
Zikomo nonse awiri. Powerenga ndazindikira kuti ndimamudzoza mafuta mikono yonse akangosamba, kenako n'kuika sensa pomwepo. Zodzutsazo ndazisiya. Katsopano tiika Lachisanu usiku, mkono wamanzere. Achimwene, tepi yapamwambayo mumamata tsiku loyamba lomwelo, kapena mumadikira m'mphepete muyambe kutukuka?