Kamera ikundidyera mpweya pansi pa madzi

Mtolankhani: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikujambula nkhani ya maukonde otayidwa omwe akupitiriza kukola nsomba pansi pa madzi. Ndimatsika mogwira mpweya, popanda silinda ya mpweya, poti thovu lake limabalalitsa nsomba. Koma ndikanyamula kamera, mpweya ukumatha msanga, ndipo mkonzi akuti tizidutswa tanga ta kanema tafupikitsa. Zonse ndimachita ndekha. Kodi ndizipuma mofulumira kangapo ndisanatsike kuti ndizikhalitsako?

Mphunzitsi wa freediving (kutsika m'madzi mogwira mpweya): Ayi achimwene, chonde musayerekeze. Chimene chimakuuzani kuti kapumeni si kutha kwa okosijeni, ndi kuchuluka kwa kaboni dayokosaidi m'magazi. Kupuma mofulumirako kumachotsa kaboniyo, ndiye thupi limasiya kukuchenjezani pomwe okosijeni akutha ndithu. Pa mamita 10 mphamvu yokupanikizani imakhala kawiri ya pamwamba, ndipo imakankhira okosijeni m'magazi, mumamva bwinobwino. Pokwera mphamvuyo imatsika mwadzidzidzi, n'chifukwa chake ambiri amakomoka atatsala pang'ono kutulukira, ena atatulutsa kale mutu. Ndiye mukuti "ndekha", m'madzimo mumakhala ndi ndani?

Mtolankhani: Woyendetsa boti basi, amandidikira m'botimo.

Mphunzitsi wa freediving: Ameneyo sakuonani. Kujambula jambulani nokha, koma pakhale munthu wovala mask (magalasi oonera m'madzi) ndi zipsepse za kumapazi pamwamba panu penipeni, wodziwa kuvuula munthu wokomoka. Mukatuluka akuyang'aneni kumaso kwa masekondi 30. Pumulani nthawi yosachepera kawiri imene munakhala pansi, snorkel (paipi yopumira) muziichotsa m'kamwa potsika, ndipo chepetsani mtovu wa pa lamba kuti m'mamita omalizawo thupi liziyandama lokha.

Wojambula zamoyo za m'madzi: Ankolo anena zoona. Ine ndiwonjeze za kamerayo, chifukwa vuto la mkonzi wanu silifuna mapapo aakulu. Jambulani pa mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi, pokonza muike pa 25. Masekondi 20 asanduka 48, ndipo ukonde ukamagwedezeka pang'onopang'ono umaoneka bwino kuposa.

Mabatani onse muzikonzeratu muli pamwamba, n'kuyamba kujambula musanatsike. Maso akakhala pa sikirini nthawi imaiwalika. Lenzi ikhale yotambalala, muyandikire pafupi. Mtundu wofiira umayamba kuzimirira pa mamita 5, choncho white balance (yolinganiza mitundu pa kamera) muiike pa kuya kumene mukagwirire ntchito.

Koma chomwe ndimachikonda kwambiri ndi tripod yolemera, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Tsikani, ikhazikeni moyang'ana ukondewo, kwerani. Nsomba zikaona kuti munthu wachoka zimabwerera, kamera n'kumagwira ntchito inu mukupuma.

Mphunzitsi wa freediving: Pokhazika tripod-yo musasendere pa ukonde. Umakola zipsepse ndi zingwe za kamera. Mpeni ukhale poti dzanja lililonse lifikepo, ndipo kamera isamangidwe padzanja mwakuti simungaitaye.

Mtolankhani: Zikomo nonse. Mkonzi ndimulembera lero kuti ndalama ya munthu wondiyang'anira ilowe mu bajeti. Achemwali, tripod yanuyo mumailemeretsa ndi chiyani kuti isagwe madzi akamakoka?

Wojambula zamoyo za m'madzi: Mtovu womwe mwachotsa pa lambawo. Mangani umodzi pa mwendo uliwonse, miyendoyo muitambasule mpaka pansi.