Kodi khoswe wa pa mkhate ndani pa nkhani ya mfuti ku America?

Wa ku South Bend:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndakhala kuno ku Indiana zaka 12 ndipo Chichewa chakuya chayamba kundipulumuka. Lamlungu ndimacheza pa foni ndi amalume anga a ku Mchinji. Anamva pa wailesi kuti kuno kwaphedwanso anthu ndi mfuti, ndiye anandifunsa kuti boma lamphamvu chotere likulephera bwanji kulanda mfuti m'manja mwa anthu wamba. Ndinawauza kuti m'malamulo oyendetsera dziko lino muli ndime ya mu 1791, yotchedwa Second Amendment, yonena kuti ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe, ndipo aphungu akapanga lamulo lokhwima eni mfuti amathamangira kukhothi ndi ndime imeneyi. Anakhala chete kaye, kenaka n'kunena kuti, "Basi mphwanga, khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

Ndinavomera ngati ndamva, koma sindinamve. Mkhate n'chiyani kwenikweni? Nanga khoswe pamenepa ndani, mfutiyo kapena mwini wake? Ndikufunsa chifukwa inenso mfuti ndili nayo. Ndimaweruka 2 koloko usiku, ndipo nditakhala nzika ndinagula pisitolo n'kukaphunzira kagwiritsidwe kake. Mwezi wamawa kagulu kathu ka eni mfuti kakukakumana ndi phungu wa dera lathu, ndipo andipempha kuti ndikalankhuleko. Ngati amalume ananditukwana mwaulemu, ndibwino ndidziwe.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Mwana wanga, simunatukwanidwe. Mkhate ndi mphika waukulu wadothi wotambalala kukamwa, umene makolo ankasambiramo kusanabwere mabeseni ndi zidebe. Musausokoneze ndi mtsuko, womwe ndi wokatungira madzi ndipo uli ndi khosi. Kuumba mkhate sinali ntchito ya tsiku limodzi. Mayi akakumbe dothi kudambo, aliponde, aumbe, auyanike pamthunzi kuti usang'aluke, kenaka auwotche. Tsono khoswe amene watha chimanga m'nkhokwe mwamupeza wakhala pamenepo, inu chibonga chili m'manja. Mukamenya, mkhate wasweka, ndipo mwinanso khosweyo wathawa.

Mvetsani bwino mawuwo. Akuti "sapheka", sakuti "saphedwa". Kuphedwa ayenera, koma njira yomuphera palibe. Ndiye mwambiwu umanena za tsoka la wogwira chibonga. Pabwalo umatuluka pamene wolakwa ndi mwana wa amfumu kapena mphwake wa woweruza yemweyo. Amalume anu amamvera chisoni boma, kuti chimene likufuna kumenya chakhala pa chinthu chimene silingayerekeze kuswa.

Wa ku South Bend:

Zikomo aphunzitsi, za mkhate zamveka. Koma mwati khosweyo kuphedwa ayenera. Ndiye kuti mwambiwu wagamula kale kuti ife ndife olakwa?

Namwino wa ku Leeds:

Inde achimwene, wagamula, ndipo ine ndili mbali ya amalume anu. Mu December 2012 ku Sandy Hook, ku America komweko, anaphedwa ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu. Patangopita miyezi inayi, bilu ya aphungu Manchin ndi Toomey, yongofuna kuti ogula mfuti pa intaneti ndi m'misika ya mfuti azifufuzidwa mbiri yawo, inapeza mavoti 54 ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, pomwe imafunika 60. Inafera pomwepo. Kuno ku Britain, ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa ku Dunblane mu 1996, chaka chotsatiracho mapisitolo analetsedwa. Ine ndikamva mwambi umenewu ndimaona ana aja.

Wophunzira zamalamulo, Zomba:

Anamwino, chisoni chanu ndachimva ndipo sindikuchichepetsa. Koma bilu ya 2013 ija sinaphedwe ndi mkhate, inaphedwa ndi mavoti. Apa ndi pamene ndikuona kuti mwambiwu ukubisa kanthu. Khoswe amaupeza mkhate uli kale pakhomo, iye n'kungokwerapo. Eni mfuti a ku America mkhate wawo anachita kuuwumba okha, ndipo zinawatengera zaka zoposa 30.

Ndime ya 1791 inalipo, inde. Koma kwa zaka zambiri makhothi ankaiwerenga ngati yonena za magulu ankhondo a anthu wamba m'zigawo, osati munthu mmodzi ndi pisitolo yake kuchipinda. Bungwe la eni mfuti la NRA, lomwe linayamba mu 1871, linkatanganidwa ndi kuphunzitsa kulunjika ndi zaulenje. Zinatembenuka mu 1977 pamsonkhano wa ku Cincinnati, pamene mamembala otsogozedwa ndi Harlon Carter ndi anzake anachotsa atsogoleri akale n'kulozetsa bungwelo ku ndale. Kuyambira pamenepo anayamba kuponda dothi. Maloya ndi aphunzitsi a zamalamulo analemba nkhani zambirimbiri m'magazini a zamalamulo zonena kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, mpaka maganizo amene poyamba ankaoneka achilendo anakhala ozolowereka.

Mlandu umene unawotcha mkhatewo ndi wa Heller mu 2008, ndipo mmene anaukonzera ndi phunziro kwa aliyense wofuna kugwetsa lamulo. Loya Robert Levy ndi anzake sanadikire kuti wina agwidwe ndi mfuti kenaka adziteteze ndi ndimeyi. Anasankha lamulo lokhwimitsitsa, la mzinda wa Washington la mu 1976 loletsa mapisitolo. Anasankhanso odandaula opanda banga. Dick Heller anali mlonda amene ankanyamula mfuti kuntchito polondera nyumba ya boma, koma sankaloledwa kusunga pisitolo kunyumba kwake. Ndipo anapempha chochepa: pisitolo, m'nyumba, yodzitetezera. A NRA enieniwo poyamba ankauopa mlanduwu, poganiza kuti akaluza ataya zonse. Levy ndi anzake anapambana ku khothi lalikulu la America ndi oweruza 5 kwa 4. Mu 2010 anabwereza ku Chicago ndi Otis McDonald, bambo wachikuda wa zaka za m'ma 70, wopuma pantchito, amene mbava zinamuthyolera nyumba kangapo, ndipo khothi linati ufuluwu ukumanganso zigawo ndi mizinda. Za kunyamula mfuti kunja kwa nyumba anadikira mpaka 2022, pa mlandu wa Bruen wa ku New York.

Ndiye funso lanu, achimwene a ku South Bend, ndingaliyankhe chonchi: njira yawo yonse inali yoonetsa oweruza kuti wakhala pa mkhateyo si khoswe, ndi mwini nyumba.

Agogo a ku Ntchisi, kudzera mwa mdzukulu:

Agogo akuti mwawerenga zambiri koma mwambi mwatenga wolakwika. Akuti zimene wafotokoza mnyamata wa ku Zomba ndi za tsokonombwe, amene anatha mtunda n'kudumpha. Tsokonombwe ndi chiwala chonenepa chopanda mapiko oulukira, chimangodumpha pang'onopang'ono koma chimafika.

Wa ku South Bend:

Muwathokoze agogo, chifukwa zimenezo ndaziona ndi maso. Florida mu 1987 inapanga lamulo loti aliyense wokwaniritsa zofunika apatsidwe chilolezo chonyamula mfuti, wapolisi asamachite kusankha nkhope. Zigawo zina zinatengera chimodzichimodzi. Kenaka anadumphanso: Alaska mu 2003 inati chilolezocho n'chosafunika, Arizona mu 2010, ndipo kuno ku Indiana zinayamba pa 1 July 2022, ngakhale mkulu wa apolisi a chigawo chino anakana poyera. Pofika 2024 zigawo zotere zinali 29 mwa 50.

Chimene ndaona m'kagulu kathu n'chakuti anthuwa satopa ndi misonkhano. Komiti ya aphungu ikamamva maganizo a anthu ku Indianapolis pakati pa sabata m'mawa, iwo amapempha tchuthi kuntchito n'kupita. A NRA amapatsa aphungu magiredi kuyambira A mpaka F monga kusukulu, ndipo pali anthu amene povota amangoyang'ana giredi imeneyo basi. Ku Colorado mu 2013 aphungu atapanga lamulo loletsa magazini olowa zipolopolo zoposa 15, anthu anasonkhanitsa masiginecha n'kuchititsa chisankho chapadera, ndipo aphungu awiri, John Morse amene anali mtsogoleri wa Senate ya chigawocho ndi Angela Giron, anachotsedwa. Lamulolo silinachoke, koma phungu aliyense m'dziko muno anamva.

Mlonda wa ku Germiston:

Ndilowepo abale, chifukwa kuno ku Joni kuli mfuti koma mkhate kulibe. Mu 2018 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa bungwe la SA Hunters, linanena mosabisa kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, ndi mwayi umene lamulo limapereka. Lamulo lake ndi Firearms Control Act la mu 2000. Uyenera kukhala ndi zaka 21, ukhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, upambane mayeso, ndipo laisensi ya mfuti yodzitetezera imatha pa zaka 5. Ambiri a ife ochokera kumudzi sitifikapo n'komwe.

Tsono mu May 2021, nthawi ya nduna ya apolisi Bheki Cele, boma linatulutsa bilu yofuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera laisensi. Eni mfuti analibe ndime yoti akhalepo. Anachita zomwe timati mutu umodzi susenza denga. Alenje, amasewera owombera, alimi, makampani a alonda, mabungwe ngati Gun Owners South Africa ndi chipani cha DA onse analankhula chimodzi, ndipo ndemanga zimene zinatumizidwa ku boma zinaposa 100,000. Sanakambe zambiri za kukonda mfuti. Ankafunsa funso limodzi: apolisi akachedwa, mayi amene ali yekha m'nyumba atani? Ankakumbutsanso za mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, amene anagamulidwa kukakhala kundende mu 2016 atagulitsa mfuti pafupifupi 2,000 zimene zimayenera kuwonongedwa, zambiri n'kukathera kwa zigawenga za ku Cape Flats ku Cape Town. Ndiye mu July chaka chomwecho cha 2021 kunabuka zipolowe ku KwaZulu-Natal ndi kuno ku Gauteng, anthu oposa 300 n'kufa, ndipo ambiri anaona okha apolisi atachepa. Bilu ija zaka zinadutsa osasanduka lamulo.

Ine ndimagwira mfuti ya kampani usiku uliwonse, m'mawa n'kuibweza, n'kukwera tekisi chimanjamanja kupita kumene ndimagona. Nkhani ya Heller ija yandikhudza, sindinkaidziwa.

Namwino wa ku Leeds:

Achimwene a ku Germiston, za kubwerera chimanjamanja zandimvetsa chisoni, ndipo sindingakuuzeni kuti mantha anu ndi abodza. Koma a ku Zomba anene zonse. Mkhate uja suphimba aliyense. Mu 2024, pa mlandu wa Rahimi, khothi lalikulu lomwelo la ku America linagamula ndi oweruza 8 kwa 1 kuti munthu amene khothi lamuletsa kuyandikira mkazi wake kapena chibwenzi chake chifukwa cha nkhanza akhoza kulandidwa mfuti. Ndipo mu 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa pasukulu ku Uvalde ku Texas, aphungu a zipani zonse ziwiri anagwirizana kukhwimitsa kafufuzidwe ka ogula mfuti osakwana zaka 21.

Wophunzira zamalamulo, Zomba:

N'zoona anamwino. Rahimi anali munthu amene anawombera mfuti m'malo angapo ndi kuopseza mayi wa mwana wake. Ndiye mtundu weniweni wa wodandaula amene Levy ankaupewa mu 2008. Atafika khoswe weniweni, oweruza anapeza pomenyera.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Pamenepo ndiye mwafika pa zimene amayi anga ankachita. Sankamenya khoswe ali pa mkhate, komanso sankamusiya. Ankagogoda pansi kuti atsike, mwana ali chire ndi chibonga pakhomo. Mwana wanga wa ku South Bend, mukakaimirira pamaso pa phunguyo musakayambe ndi ndime ya 1791, aidziwa kale. Mukamuuze nthawi imene mumaweruka, msewu umene mumadutsa, kumene munaphunzira kugwira mfutiyo ndi mmene mumaitsekera kuti ana asaifikire. Ndipo akakufunsani za anthu onga Rahimi, musakawaikire kumbuyo.

Wa ku South Bend:

Ndamva aphunzitsi. Sefa yotsekeramo ndili nayo, kiyi ndimayenda nayo, ndipo ndikanena zimenezo. Anamwino, za ana a ku Sandy Hook ndi Uvalde ndikazitchulanso ndekha asanandifunse, chifukwa anga awiri amapita kusukulu zonga zomwezo. Amalume ndiwaimbira Loweruka ndiwafunse ngati ponena khoswe amanena mfuti kapena amanena ine. Mdzukulu wa ku Ntchisi, mundifunsireko kwa agogo: ena ndimawamva akuti tsokonombwe anatha "dziko", iwo akuti "mtunda". Cholondola n'chiti?