Zirconia akung'aluka mu ng'anjo, ndikulakwitsa pati?

Mdzukulu wa Woumba:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili pasukulu ku Germany, ndipo mu labu mwathu tikuumba tizida ta zirconia (ufa woyera umene ukapsa m'moto umalimba kwambiri ngati mbale yadothi) ndi makina a 3D, aja oumitsa utomoni ndi kuwala. Ufa wa zirconia timausakaniza ndi utomoni, makina n'kumasanja timagawo topyapyala ngati tsitsi. Pochoka pamakina timakhala tosalala bwinobwino. Koma sabata yatha pa tisanu ndi kamodzi timene ndinatulutsa mu ng'anjo, tinayi tinali ndi ming'alu yotsata mizere ya timagawo tija. Tapulumuka ndi topyapyala tokha. Kodi 1,500°C yachuluka? Kafukufuku wanga watsala ndi miyezi inayi, tulo sindikutiona.

Mlonda wa Ng'anjo:
Achemwali, moto wa 1,500 musaunamizire, zirconia amafuna womwewo. Ming'aluyo inabadwa kale, moto usanafike 600°C, pamene utomoni umapsa. Pafupifupi theka la kachidako ndi utomoni, ndipo ukamapsa umasanduka mpweya wofuna potulukira. M'kachida kochindikala njira ndi yaitali. Mukaufulumizitsa, umadziboolera pofooka, ndipo pofooka ndi polumikizana timagawo. N'chifukwa chake topyapyala tapulumuka.

Tengani kachidutswa mukayeze pa TGA, makina oyeza kulemera kwa chinthu chikamatenthedwa, muone pomwe kulemera kukutsika kwambiri. Pamenepo moto uzikwera pang'onopang'ono, mwina 0.1 kapena 0.2°C pa mphindi, ndipo muziuimika maola angapo. Ngakhale pa makina a kampani ya Lithoz ya ku Vienna kapena ya 3DCeram ya ku Limoges, kupsereza utomoniku kumadya masiku. Komanso musamaviike tizidato nthawi yaitali m'mankhwala otsukira, amalowerera m'mizere ija.

Wamano ku Joni:
Ine ndimapanga mano oikirira a zirconia, koma timachita kusema ndi makina kuchokera ku chibuma, ndiye za utomonizi sizitipeza. Chomwe tikufanana n'kufota. Dzino timalisema lokulirapo, pafupifupi 20 peresenti, kuti likafota m'moto likhale lokwana. Munawerengera zimenezi? Funso langa kwa a Mlonda: si paja amati zirconia amadzitsekera yekha ming'alu?

Mlonda wa Ng'anjo:
Amatero, koma akapsa kaye. Wasayansi Garvie ndi anzake analongosola zimenezi mu 1975 ku Australia. Kunsonga kwa mng'alu timibulu timasintha kapangidwe, n'kufufuma pang'ono, mng'aluwo n'kupanikizika. Wosapsa alibe mphamvu zimenezo, ali ngati choko.

Mdzukulu wa Woumba:
Zikomo kwambiri. Ndiulule: ndinadula maola opsereza utomoni chifukwa ng'anjo inali ndi mzere wa anthu oidikira, Lachisanu ankalowa mnzanga. Manyazi andigwira, chifukwa agogo anga ku Ntcheu akaumba mphika wa mtapo ankauika pamthunzi masiku ambiri, ife tikaufikitsa padzuwa inali nkhondo. TGA ndalembetsa Lolemba. Za kufota ndinawerengera, a Wamano, ngakhale msinkhu ukufota kuposa m'mbali. Nazonso ndibwera nazo.